Lenzi ya 18-35mm f/1.8 ikamaphonya fokasi: kupeza pamene pali vuto ndi kulikonza

Loweruka lina ndinachokera ku ukwati khadi itadzaza ndi zithunzi, mtima uli m'malo. Pa kasikirini ka kamera zonse zinkaoneka bwinobwino. Nditaziika pa laputopu usiku womwewo thupi lonse linazizira. Nkhope ya mkwatibwi inali mbuu, koma nsalu imene anakongoletsera khoma kumbuyo kwake inali ngwee, ulusi wake kuchita kuwerengeka. Chithunzi chotsatira chinali bwino. Chinzake chaphonyanso. Theka la ndalama eni ukwati anali atandipatsa kale.

Usiku umenewo ndinaganiza zogulitsa lenziyo. Ndinachita bwino kudikira, chifukwa nditakhala pansi n'kuyeza ndinapeza kuti vuto lalikulu linali kajambulidwe kanga, ndipo lotsalalo linatha ndi manambala ochepa chabe. N'chifukwa chake ndikukupemphani anzanga ojambula kuti musakhudze nambala iliyonse yokonzera fokasi (malo amene chithunzi chimaonekera ngwee) mu kamera musanadziwe mtundu wa kuphonya kumene mukulimbana nako. Kuphonya kumene kumapita mbali imodzi nthawi zonse kumakonzeka ndi manambala. Kuphonya kwa lero kutsogolo mawa kumbuyo sikumva manambala, ndipo mukayamba kuwasintha mungowonjezera chisokonezo.

Chitsanzo changa ndi Sigma 18-35mm f/1.8 Art, yomwe inatuluka mu 2013 ndipo inali zoom yoyamba kukhala pa f/1.8 kuyambira koyamba mpaka kumapeto (nambala ya f ikachepa, khomo lolowera kuwala mu lenzi limatseguka kwambiri). Ndi ya makamera amene sensa yawo, kachipangizo kojambula chithunzi m'kati mwa kamera, ndi ya saizi yotchedwa APS-C, monga Canon 80D kapena Nikon D7200. Koma njirayi ikugwiranso pa lenzi iliyonse yotambalala komanso yotseguka kwambiri imene mwamanga pa DSLR, kamera yokhala ndi kalilole m'kati.

Kaye timvetsetse chimene chimachitika m'kati

Pa DSLR, mukasuzumira mu viewfinder (kazenera koikapo diso) n'kudina batani theka, si sensa yojambula chithunzi imene imayeza mtunda. Kuwala kwina kumadutsa pa kalilole wamkulu, kumagunda kakalilole kena kali kuseri kwake, n'kutsikira pa kasensa kapadera ka autofocus komwe kali pansi pa bokosi la kalilolelo. Kasensako ndi kamene kamauza lenzi kuti pita apa. Chithunzi chenichenicho chimakajambulidwa pa sensa ina. Njira ziwirizi zikasiyana ngakhale pang'ono kwambiri, kamera imalira kuti piii, yagwira, pamene fokasi yagwa patsogolo kapena pambuyo pa munthuyo.

Pa lenzi yobwera ndi kamera, ija ya f/3.5-5.6, kusiyanaku kumabisika chifukwa malo ooneka bwino amakhala otakasuka. Pa f/1.8 palibe pobisala. Mukakhala pa 35mm, munthu ali mamita 2 kuchokera pa inu, malo onse ooneka bwino ndi masentimita pafupifupi 20. Akayandikira kufika pa mita imodzi amatsala masentimita 5 kapena 6 basi, kutanthauza kuti diso likhoza kukhala bwino khutu lili mbuu.

Choyamba: tsimikizani kuti ndi fokasi

Tsegulani chithunzi cholakwikacho pa kompyuta, chikulitseni kufika pa 100%, ndipo mufufuze ngati pali chinthu chilichonse chimene chili ngwee. Yang'anani pansi, pa mapewa, pa mpando, pa khoma. Mukapeza malo ooneka bwino patsogolo kapena pambuyo pa munthuyo, ndiye fokasi inagwa polakwika. Koma ngati chithunzi chonse chili ngati chakokedwa, palibe paliponse pabwino, kumeneko n'kugwedezeka kwa manja kapena kusuntha kwa munthu. Lenziyi ilibe choletsa kugwedezeka, ndipo imalemera magalamu 810, choncho dzanja likatopa nthawi ya perekaniperekani zimaonekera. Onani shutter speed ya chithunzicho, kutanthauza kagawo ka sekondi kamene kamera inalowetsa kuwala. Kwa anthu oima musatsike pansi pa 1/125, ndipo kwa ovina yambirani pa 1/250 kupita m'mwamba. ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi koma ikakwera imabweretsa timadontho, ikwere, palibe kanthu. Chithunzi cha timadontho mwini wake amachilandira, koma cha nkhope yosaoneka sachilandira.

Onaninso pamene kabokosi ka fokasi, kamene kamaonetsa malo amene kamera ikuloza, kanali. Pulogalamu ya Canon yotchedwa Digital Photo Professional ndi ya Nikon yotchedwa NX Studio zimaonetsa kabokosiko pa chithunzi. Ine apa ndi pamene ndinadzigwira: pa zithunzi zambiri za ukwati uja kamera ndi imene inkadzisankhira malo, ndipo inkathamangira nsalu ya maluwa chifukwa ndi imene inali ndi mizere yooneka kwambiri.

Chachiwiri: chotsani zing'onozing'ono

Zimitsani kamera, masulani lenzi. Kumbuyo kwa lenzi ndi pakamwa pa kamera pali timadontho tachitsulo tagolide, tomwe awiriwa amalankhulirana. Tipukuteni ndi kansalu kouma kopukutira magalasi, ndipo ngati pali mafuta a zala nyowetsani kansaluko pang'ono ndi mankhwala opukutira otchedwa isopropyl. Sipiliti wofiirira uja wa m'sitolo musagwiritse, amasiya utoto. Kenako gwirani kamera chozondotsa, pakamwa payang'ane pansi, n'kupopera mpweya m'bokosi la kalilole ndi kampira kopopera. Kuno kwathu fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala limalowa paliponse, makamaka kwa ife amene timasintha malenzi panja pa tchalitchi, ndipo likakhala pamwamba pa kasensa ka autofocus kamayamba kusokonezeka. Musapemerere ndi pakamwa ndipo musalowetsemo chala.

Fyuluta ya UV ichoke nthawi yonse ya mayeso. Batire ikhale yodzaza. Mangani lenzi mpaka ilire kuti khethe, kenako igwedezeni pang'ono kuti muone ngati ikusewera pamalumikizidwe. Ngati munasinthapo zosinthira fokasi za mu kamera (AF Microadjustment pa Canon kapena AF Fine Tune pa Nikon) m'mbuyomu, lembani manambalawo papepala kenako abwezeretseni pa 0.

Chachitatu: mayeso enieni

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo pakufunika ola lathunthu kapena kuposerapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sankhani khonde kapena chipinda cholowa kuwala kwa dzuwa kokwanira, osati usiku pa babu. Pezani bokosi lolimba, monga katoni ya sopo, mumatepo tsamba la nyuzipepala la zilembo zakuda zikuluzikulu, lomatika bwino lopanda makwinya. Liimikeni patebulo. Pambali pake penipeni yedzamiritsani rula yaitali chopendekeka, mwina pa mabuku, kuti theka lake likhale patsogolo pa nkhope ya bokosi ndipo theka lina pambuyo. Lembani nambala ya pa rula imene yalingana ndi nkhope ya bokosilo, tinene kuti 15. Imeneyo ndiye ziro wanu.

Ena amaloza fokasi pa rula yopendekekayo mwachindunji. Musatero. Kabokosi kamene mumaona mu viewfinder ndi kakang'ono kuyerekeza ndi malo enieni amene kasensa kamaona, choncho pa chinthu chopendekeka simungadziwe mzere umene yagwira. Fokasi ikhale pa nyuzipepala yoima chilili, rula ntchito yake n'kukuuzani kumene yagwera.

Kamera ikhale pa tripod, mulingo wofanana ndi bokosi, yoyang'anizana nalo maso ndi maso. Mtunda wabwino poyambira ndi kuchulukitsa focal length (nambala ya mm imene mwaika pa lenzi) ka 50: pa 35mm ndi mamita 1.75, pa 18mm ndi masentimita 90. Ikani Av kapena A (pamene inu mumasankha nambala ya f), f/1.8, ISO 100 kapena 200, One Shot kwa a Canon, AF-S kwa a Nikon (fokasi yogwira kamodzi n'kuima), kabokosi kamodzi kapakati, ndi timer ya masekondi 2 kuti dzanja lisagwedeze kamera.

Yambani ndi Live View, kujambula mukuyang'ana pa sikirini ya kamera. Pa Live View kalilole amakwera ndipo sensa yojambulayo ndi imene imadziyezera yokha fokasi, choncho kusiyana kuja kulibe. Jambulani zithunzi zitatu. Zimenezi ndi mboni yanu, zikuonetsa zonse zimene lenzi yanu ingathe ikagwira bwino.

Tsopano zimitsani Live View ndi kujambula zithunzi 10 kudzera mu viewfinder. Musanajambule chilichonse, potozani mphete ya fokasi kuti chithunzi chisokonekeretu, ulendo uno kupita kufupi, ulendo winawo kupita kutali, kuti kamera iyambe kufufuza mwatsopano. Mukangodina kakhumi osasokoneza, ndiye kuti mwayeza kamodzi kokha. Chitani zonsezi pa 35mm, pa 24mm, ndi pa 18mm. Pakati pa gulu ndi gulu jambulani kapepala kolembapo chimene mukuyeza, apo ayi mukafika pa kompyuta simudziwa kuti ichi ndi chiti.

Pali kanjira kena kachidule kamene ndimakakonda. Gwirani fokasi pa Live View, zimitsani Live View osakhudza chilichonse, kenako yang'anitsitsani kawindo ka manambala a mtunda pamwamba pa lenzi uku mukudina batani theka. Manambalawo akasuntha, ndiye kuti njira ziwiri zija sizikugwirizana. Akasunthira ku manambala aang'ono, fokasi ikugwa patsogolo. Akasunthira ku aakulu, ikugwa pambuyo.

Chachinayi: werengani zimene mwapeza

Zonse zionedwe pa kompyuta pa 100%. Sikirini ya kamera imanamiza.

Ngati zithunzi za Live View nazonso zili mbuu, autofocus ilibe mlandu. Vuto lili m'magalasi a lenziyo, mwina inagwapo. Jambulani khoma la njerwa moyang'anizana nalo bwino n'kuyerekeza makona anayi. Mbali imodzi ikakhala yoipa kuposa inzake moonekeratu, galasi lina linasendera ndipo imeneyo ndi ntchito ya wokonza. Amene mukufuna kugula lenzi yogwirapo kale ntchito, chitani mayeso a khomawa musanapereke ndalama.

Ngati za Live View zili bwino, ndipo mwa zithunzi 10 za viewfinder 8 kapena 9 zagwera mbali imodzi, tinene pa 12 kapena 13 pa rula m'malo mwa 15, sangalalani. Limeneli ndi vuto lomvera mankhwala.

Ngati zili zomwazikana, zitatu patsogolo, zinayi bwino, zitatu pambuyo, musakhudze manambala. Bwerezani mayeso pa kuwala kochuluka. Bwerekani lenzi ina yotseguka, monga 50mm f/1.8, muyese pa kamera yanu, ndipo lenzi yanuyo mukayese pa kamera ya mnzanu. Vuto likatsatira kamera, kasensa kapena kakalilole kake kakufunika woona. Likatsatira lenzi, yambani ndi kuona ngati firmware yake, pulogalamu ya m'kati mwa lenzi, ili yatsopano. Dziwaninso kuti chimodzi mwa 10 kuphonya pang'ono pa f/1.8 n'chizolowezi cha DSLR iliyonse, musachiyese matenda.

Chachisanu: kukonza mu kamera

Kwa a Canon dzina lake ndi AF Microadjustment, ndipo ilimo mu 7D, 70D, 7D Mark II, 80D ndi 90D, koma mulibe mu 60D kapena m'makamera monga 600D, 700D ndi 1300D. Kwa a Nikon ndi AF Fine Tune, ilimo mu D7000 mpaka D7500 ndi D500, mulibe mu gulu la D3000 ndi D5000. Konseku manambala amayambira pa -20 mpaka +20. Fokasi ikamagwa patsogolo pa bokosi, pitani ku +, kuti ikankhidwire kutali. Ikamagwa pambuyo, pitani ku -.

Musayende imodziimodzi poyamba, simuona kusintha. Yesani +5, +10, +15, zithunzi zisanu pa nambala iliyonse, musankhe ziwiri zabwino, kenako mufufuze pakati pake. Makamera monga 70D ndi 80D amalola nambala ina ya kotambalala (18mm) ndi ina ya kopapatiza (35mm). Ma Nikon ndatchulawa amalola nambala imodzi pa lenzi, ndiye ikani imene ikukomera 35mm, chifukwa kumeneko ndi kumene kuphonya kumaonekera kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: USB Dock

Nthawi zambiri nambala imodzi kapena ziwiri sizikwanira pa lenziyi. Mupeza kuti pafupi ikufuna +, patali ikufuna -, ndipo 18mm ikufuna zosiyana ndi 35mm. Apa ndi pamene Sigma USB Dock imalowera. Ndi kachipangizo kozungulira kamene mumamanga kumbuyo kwa lenzi ngati chivindikiro n'kulumikiza ku kompyuta, ndipo pulogalamu yake ndi Sigma Optimization Pro, yaulere. Kamagulidwa molingana ndi mtundu wa kamera, ka Canon sikalowa pa lenzi ya Nikon. Kwa amene makamera awo alibe zosinthira zija, iyi ndiye njira yokhayo. Si chinthu chogwiritsa tsiku ndi tsiku, choncho anthu atatu kapena anayi mukhoza kusonkherana n'kugula kamodzi.

Mu pulogalamuyo mupeza mabokosi 16: ma focal length anayi, 18, 24, 28 ndi 35mm, ndipo iliyonse ili ndi mitunda inayi, 0.28m, 0.35m, 0.5m ndi infinity (kutali kwenikweni). Taonani bwino mitundayo. Itatu yoyambayo yonse ili m'kati mwa theka la mita. Ntchito yathu ya maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano imachitikira pa mamita 1.5 mpaka 5, ndipo mtunda umenewu umatsamira kwambiri pa bokosi la infinity. Ambiri amataya tsiku lonse pa 0.28m, pamene samajambulirapo n'komwe, n'kufika pa infinity atatopa. Inu yambirani kumeneko.

Bwezeretsani nambala ya mu kamera pa 0 kuti zisaphatikizane. Pa infinity lozani chinthu chakutali cha mizere yooneka, monga thanki ya madzi kapena chikwangwani, ndipo chitani m'mamawa. Masana a Okutobala mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa malata ndi phula, zonse zakutali zimaoneka mbuu ngakhale fokasi ili bwino. Mukapeza nambala, itsimikizeni pa bokosi lanu lija pa mamita 2 ndi 3. Ziwirizi zikasiyana, ine ndimakondera mtunda umene ndimagwirirapo ntchito. Pa mitunda yaifupi ija yezani ndi tepi kuchokera pa kachizindikiro kozungulira kodulidwa ndi mzere komwe kali pamwamba pa kamera, osati kuchokera kutsogolo kwa lenzi.

Ntchitoyi ndi yotopetsa, sindikubisirani: masula lenzi, manga pa dock, lemba nambala, bwezera pa kamera, jambula, yang'ana, yambiranso. Khalani ndi kope, mujambulemo mabokosi 16 omwewo ndi kulemba chilichonse mwayesa. Kumbukiraninso kuti manambalawa amakhala mu lenzi momwemo. Mukaimanga pa kamera ina amapita nawo, choncho amene muli ndi makamera awiri konzani ndi dock pa imene mumagwiritsa kwambiri, inayo muikonze ndi zosinthira zake za m'kati.

Pa tsiku la ntchito

Ngakhale manambala atakhala bwino chotani, lenzi yotambalala ili ndi khalidwe lake lofunika kulidziwa. Pa 18mm nkhope ya munthu amene ali mamita 3 imakhala yaing'ono kwambiri, ndipo kasensa kamaona nkhopeyo pamodzi ndi zonse zili kumbuyo kwake. Nkhope ndi yosalala, pamene zenera la mabagalabazi kapena nsalu ya maluwa ili ndi mizere yakuthwa, ndiye kamera imasankha mizereyo. Lozani pamalo pamene mtundu wakuda wakumana ndi woyera pa munthuyo, monga kolala ya shati pa jekete, ndipo kabokosi konse kadzaze ndi thupi lake, osati theka munthu theka khoma.

Kabokosi kapakati ndiko kodalirika kwambiri, makamaka mumdima. Timabokosi ta m'mphepete tiyeseni patokha pa bokosi lanu la nyuzipepala kuti mudziwe timene mungatikhulupirire. Koma samalani ndi chizolowezi chogwira fokasi pakati kenako n'kutembenuza kamera munthu ali pafupi. Pa 35mm, munthu ali pa mita imodzi, mukatembenuza ndi madigiri 15 okha fokasi imasunthira kumbuyo kwake ndi masentimita opitirira 3, ndipo pa f/1.8 zimenezi n'zokwanira kuchotsa diso. Patali sizivuta kwenikweni. Pafupi, ndibwino kujambula munthu ali pakati n'kudzadula chithunzi pa kompyuta.

M'maholo athu ambiri kuwala n'kochepa, ndipo magetsi akathima timatsala ndi mababu awiri atatu a jenereta. Flash ya pamwamba ili ndi kanyali kofiira kamene kamaponya mizere pa munthu kuti kamera ipeze pogwira, koma kamayaka pa One Shot kapena AF-S pokha. Mukakhala pa AI Servo kapena AF-C, fokasi yotsatira munthu akamayenda, sikayaka, ndipo ambiri amaganiza kuti flash yawonongeka.

Musaumirire f/1.8 paliponse chifukwa choti munailipira. Pa f/2.2 kapena f/2.8 kumbuyo kumakhalabe kofewa bwino ndipo mumapeza danga lokhululukira kuphonya kwakung'ono. Chithunzi cha gulu, cha ankhoswe ndi makolo a mbali zonse ataima mizere iwiri, chikufuna f/4 kapena f/5.6. Pa nthawi zosabwerezeka, monga kuvekana mphete ndi kudula keke, jambulani zitatu, ndipo pakati pake chotsani chala pa batani n'kugwiranso fokasi mwatsopano. Ngati kamera yanu ili ndi Dual Pixel, njira yoyezera fokasi pa sensa yojambula yomwe Canon anayamba ndi 70D mu 2013, Live View ndi yachangu mokwanira moti pa nthawi zoterezi ndimangoyatsa imeneyo.

Mukachita zonsezi, pa kuwala kwabwino, pa tripod, pa kabokosi kapakati, ndipo zithunzi zikumwazikanabe, lenzi ipite kwa wokonza, ndipo kamera ipite nayo limodzi kuti akaziyeze zili pamodzi. Mupite ndi zithunzi za mayeso anu pa fulashi ya kompyuta ndi kope lija, kuti asayambire poyambirira. Ngati mukuganiza zosamukira ku kamera yopanda kalilole, lenziyo musaigulitse msanga. Pa makamera amenewo sensa yojambula ndi imene imayeza fokasi nthawi zonse, monga pa Live View, ndipo lenzi imalowa kudzera pa adapter: EF-EOS R kwa a Canon, FTZ kwa a Nikon, kapena MC-11 yotengera lenzi ya Canon kupita pa Sony. Musanagule, bwerekani kwa mnzanu amene ali nayo, muike bokosi lanu la nyuzipepala patebulo, mujambule zithunzi 10 zomwe zija.